Ndani Anapha Convoy? Mtsutso wa Kusewera Gemu Yoipa Mpaka Kumapeto

Mukadina batani loyambira pa gemu ya Transformers: Convoy no Nazo, msilikali wachiloboti dzina lake Ultra Magnus amaima kumanzere kwa sikirini. Mukamuyendetsa pang'ono kulowera kumanja, kandege ka adani kamatulukira, ndipo musanazindikire chimene chachitika, Ultra Magnus waphulika. Chamupha ndi kachipolopolo, kadontho koyera kochepetsetsa kamene kamasowa m'maso chifukwa cha zojambula za kumbuyo kwake. Kukhudzidwa kamodzi kokha ndi imfa. Miyoyo ilipo itatu, ndipo munthu wongoyamba kumene amatha kuitaya yonse mphindi imodzi isanathe. Ku Japan, kumene gemuyi inatuluka mu Disembala 1986, anthu amaikumbukira ndi chinthu chimenechi: kufa patangopita masekondi awiri.

Komabe alipo anthu, akuluakulu ndithu, ena a imvi kumutu, amene amakhala pansi n'kuisewera gemuyi kuyambira gawo loyamba mpaka lakhumi. Ena amajambula n'kuika pa YouTube, ena amangochita okha usiku m'nyumba mwawo. Okonda magemu akale sagwirizana pa nkhaniyi. Ena akuti uku n'kutaya nthawi, ndiponso n'kupereka ulemu kwa chinthu chosayenera ulemu. Ena akuti munthu amene sanafike kumapeto alibe pakamwa poweruzira gemuyi, ndipo pali zinthu zimene gemu yoipa yokha ndiyo ingaphunzitse. Ine ndili ndi mbali yanga, koma mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zolemera, ndipo sizingamveke bwino tisanadziwe mmene gemuyi inabadwira.

Zidole za Transformers zinachokera ku kampani ya ku Japan ya Takara, imene inkapanga magalimoto ndi tizipangizo tosanduka maloboti pansi pa mayina a Diaclone ndi Microman. Kampani ya ku America ya Hasbro inagula chilolezo, n'kuzipatsa zidolezo mayina atsopano ndi nkhani, ndipo mu 1984 makatuni ake anayamba kuonetsedwa ku America. Nkhani inkalembedwa ku America, koma zojambula zambiri zinkapangidwa ndi Toei ku Japan, ndipo mu 1985 makatuniwo anabwerera kwawo n'kuyamba kuonetsedwa pa Nippon TV m'Chijapani, pamodzi ndi ma anime ena onse a nthawiyo. Mtsogoleri wa maloboti abwino, amene ku America amatchedwa Optimus Prime, ana a ku Japan ankamudziwa ndi dzina loti Convoy.

Mu Ogasiti 1986 ku America kunatuluka filimu ya Transformers. M'filimumo Optimus Prime amavulazidwa ndi mdani wake Megatron n'kufa, utsogoleri n'kupita kwa Ultra Magnus, kenako kwa Rodimus. Filimuyi sinafike ku Japan mpaka 1989. Koma makatuni a pa TV sanadikire. Mu Novembala 1986 chigawo chatsopano, Transformers 2010, chinayamba Convoy atafa kale, pampando pali wina. Taganizirani mwana wa zaka 8 amene wakhala akuonera ngwazi yake sabata ndi sabata, ndiye tsiku lina akuuzidwa kuti ngwaziyo inafa, osaonetsedwa kuti inafa bwanji. Patangopita milungu yochepa, m'masitolo mukufika katiriji ya Famicom ya Takara yomweyo, dzina lake likulonjeza chinsinsi cha Convoy. Mwanayo analibe chifukwa chokayikira kuti yankho lili m'katimo.

Ndipo katiriji sinali yotchipa. Inkagulidwa pafupifupi ma yen 5,000, pamene makina a Famicom enieniwo, amene Nintendo inatulutsa mu Julayi 1983, anayamba kugulitsidwa pa ma yen 14,800. Mwana ankagwira ndalama zotere kamodzi kapena kawiri pa chaka, makamaka pa Chaka Chatsopano pamene akuluakulu amapatsa ana ndalama m'timaenvulopu, mwambo wa otoshidama. Kubwereka gemu pa shopu kuti uyese kaye kunalibe, chifukwa lamulo la ku Japan linapatsa makampani mphamvu yoletsa kubwereketsa magemu awo. Ukagula wagula, ndipo imeneyo ndiyo gemu yako mpaka ndalama zina zidzapezeke.

Amene amati gemuyi isiyidwe amayamba ndi kusiyanitsa kuvuta kwa mitundu iwiri. Super Mario Bros., imene inatuluka mu Seputembala 1985, imapha anthu ambiri, koma ukafa umadziwa chimene walakwitsa. Mdani woyamba amabwera pang'onopang'ono, amaoneka bwino, ndipo ukalephera kumudumpha umadziwa kuti chala chako chachedwa. Ulendo wotsatira umachita bwino. Ngakhale Makaimura ya Capcom, imene kunja kwa Japan imadziwika kuti Ghosts 'n Goblins ndipo ndi yotchuka chifukwa cha nkhanza zake, imakupatsa chovala chachitsulo chimene chimakutchinjiriza kamodzi, ndipo chimene chakugunda umachiona. Mu Convoy no Nazo imfa sikuphunzitsa kanthu kupatula kuloweza pamtima kuti pamalo akutiakuti pamadutsa kadontho kosaoneka. Kusanduka lole kwa Ultra Magnus, chinthu chimene mwana anakondera chidolecho, kumatenga kanthawi adani osadikira, choncho osewera ambiri amangokusiya. Nyimbo ndi kachidutswa kafupi kobwerezabwereza mpaka mutu kuwawa. Kumapeto kwa magawo angapo, m'malo mwa mdani wodziwika wa m'makatuni, umamenyana ndi chizindikiro cha gulu la adani la Destron, chithunzi chabe cholendewera m'mwamba. Pali ngakhale kachinthu ka chilembo D kamene ukakatola kamakulanda mphamvu zimene unapeza movutikira. Anthu a mbali iyi amati kupirira zoterezi si luso ayi, koma kulola kuti wina akuzunze chifukwa sanamalize ntchito yake.

Wina akayankha kuti magemu onse a nthawi imeneyo anali otero, iwo amangowerenga mayina a chaka chomwecho cha 1986: The Legend of Zelda mu Febuluwale, Dragon Quest mu Meyi, Metroid mu Ogasiti, Akumajō Dracula mu Seputembala. Onsewa anali a Famicom yomweyo, ena kudzera pa chipangizo chake cha madisiki. Makina sanali olakwa.

Chitsanzo chimene chimatseka pakamwa ndi cha Hokuto no Ken, nkhani ya Kenshiro, imene Buronson ndi Tetsuo Hara anayamba mu magazini ya Weekly Shōnen Jump mu 1983, Toei n'kuisandutsa anime mu 1984. Mu 1986 nkhani imodziyi inabala magemu awiri. Ya pa Famicom inatulutsidwa ndi Toei yeniyeniyo, yopangidwa ndi Shouei System. M'menemo magawo ndi njira zosokoneza zokhala ndi zitseko, ndipo kuti ulowe pa chitseko uyenera kudina batani lolozera m'mwamba pamodzi ndi A ndi B nthawi imodzi, chinthu chimene palibe paliponse pa sikirini pamene chikukuuza. Ya pa makina a Sega Mark III inalembedwa ndi Yuji Naka, amene pambuyo pake anadzalemba Sonic the Hedgehog ya 1991. Imeneyo inali ndi nkhondo za munthu mmodzi ndi mnzake zojambulidwa zikuluzikulu, inafika ku Ulaya ndi ku America ndi dzina loti Black Belt, ndipo mpaka lero anthu amaitchula mwaulemu. Nkhani imodzi, chaka chimodzi, wina anaikapo mtima, wina ayi.

Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Gemu yopanda dzina lodziwika inkayenera kukoma kuti igulidwe. Gemu yokhala ndi nkhope ya ngwazi ya pa TV pa bokosi inkagulidwa isanaseweredwe n'komwe. Dragon Ball: Shenron no Nazo, imene Bandai inatulutsa mu Novembala 1986, inali ndi ngwazi yake Goku amene mphamvu zake zimangotsika zokha ngakhale palibe wamugunda, chakudya chobwezera mphamvuzo n'kumagwa mwamwayi chabe, moti ukhoza kusewera bwino n'kufabe ndi njala. Inagulidwa makatiriji opitirira miliyoni imodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma pamene mwana ankazindikira nyererezo ndalama zinali zitapita kale.

Mfundo yachiwiri ya mbali iyi ndi imene ine imandivuta kwambiri kuiyankha. Iwo akuti kuseka kumatsuka mlandu. Kuyambira pamene James Rolfe anayamba mafilimu ake a Angry Video Game Nerd mu 2004, n'kuwaika pa YouTube mu 2006, gemu yoipa inasanduka chosangalatsa cha mtundu wake. Convoy no Nazo nayonso anaisewera mu 2009. Anthu mamiliyoni amaseka, ndipo akaseka mokwanira amayamba kuikonda gemuyo ngati mbale wa makhalidwe odabwitsa. Eni ake anaona zimenezi. Mu 2008 gemuyi inagulitsidwanso ku Japan pa Wii. Mu 2014 kunatuluka gemu ya pa foni yotengera pa iyo, ndipo mu 2015 kunabwera makatuni afupiafupi a Q Transformers m'mene maloboti enieniwo amadandaula za kuvuta kwa gemu ya 1986. Ndiye kuti chinthu chimene chinakhumudwitsa ana chinagulitsidwa koyamba ngati gemu yabwino, n'kudzagulitsidwanso kwa ana omwewo atakula ngati gemu yoipa yosangalatsa. Aliyense amene amaisewera pagulu, akutero a mbali iyi, akuthandiza malonda achiwiriwo, afune asafune.

Mfundo yawo yomaliza ndi yaifupi. Famicom inali ndi magemu opitirira 1,000, ambiri abwino amene munthu sangawamalize pa moyo wake wonse. Munthu wamkulu, wa ntchito ndi banja, amene wapeza madzulo amodzi opumula, n'chifukwa chiyani awapereke kwa gemu imene aliyense akuvomereza kuti ndi yoipa?

Tsopano timve mbali inayo. Iwo amayamba ndi funso: mwa onse amene amaseka gemuyi, ndi angati anaona gawo lachisanu ndi chinayi? Ambiri amadziwa masekondi awiri oyambirira okha, ndipo chiweruzo chawo chonse chaima pamenepo. Koma choipa chachikulu cha gemuyi sichili koyambirira. Gawo 9 ndi khonde la misinkhu ingapo, wapamwamba, wapakati ndi wapansi, ndipo uyenera kudutsa m'misinkhuyo motsata ndondomeko imodzi yokha. Ukalakwitsa, gemu sikuuza kanthu. Umangopitirira kuyenda, malo omwewo n'kumabwerera, adani omwewo n'kumakuwombera, osadziwa ngati ukuyandikira kapena ukuzungulira. Mwana amene analoweza tizipolopolo tonse ta magawo asanu ndi atatu, amene anachita chinthu chimene akuluakulu ambiri sangachite, ankafika apa n'kutsekeredwa panja popanda chomuuza chifukwa chake. Kachipolopolo kosaoneka mwina n'kulakwitsa kwa wojambula, koma khonde ili linakonzedwa dala.

Ukadutsa pamenepo umamenyana ndi Megatron, kenako m'gawo lomaliza ndi chiloboti chooneka ngati chinyama chakale, Dinosaurer, chimene ku America amati Trypticon. Ndiyeno mapeto amafika: mizere yochepa ya mawu yonena kuti adani adzukanso, nkhondo iyambirenso. Palibe pamene gemuyi imakhazika mwana pansi n'kumuonetsa mmene Convoy anafera. Ukatolera zilembo zisanu ndi ziwiri zobisika, R, O, D, I, M, U, S, mphotho yake ndi kubwereza magawo khumi omwewo ndi Rodimus, amene kaseweredwe kake n'chimodzimodzi. Ana amene ankafuna yankho anaona Convoy akuukitsidwa pa TV mu 1987, n'kufanso chaka chomwecho m'makatuni a The Headmasters, asanaonebe imfa yake yoyamba. Filimu inawapeza mu 1989, mwana uja wa zaka 8 ali ndi zaka 11.

Apa ndi pamene mbali yachiwiri imaimika phazi. Kuti gemuyi ndi yovuta, aliyense angadziwe m'mphindi imodzi. Koma kuti lonjezo la pa bokosi silinakwaniritsidwe, angachitire umboni ndi yekhayo amene anafika kumapeto n'kupeza mulibe kanthu. Mwana amene analephera pa gawo lachiwiri anakula akuganiza kuti wolakwa anali iyeyo, kuti yankho linalipo koma manja ake ndiwo anali ofooka. Mlandu suola. Munthu amene akumaliza gemuyi lero n'kuonetsa mapeto ake akuuza mwana ujayo, amene tsopano ali ndi zaka pafupifupi 50, kuti sanataye kanthu, ndipo wolephera sanali iyeyo. Kwa ine mfundo imeneyi payokha ikulemera kuposa zonse za mbali yoyamba.

Palinso phunziro la ntchito ya manja. Gemu yabwino imabisa luso lake. Ukamasewera Zelda suganiza kuti wina anakhala pansi n'kusankha kuti ngwazi yake Link akagundidwa athwanime kwa kanthawi osavulazidwanso, kuti wosewera apeze mpata wothawa. Ukamasewera Rockman, imene Capcom inatulutsa mu Disembala 1987, suganiza kuti wina anasankha kukula ndi mtundu wa chipolopolo chilichonse kuti diso lichione pa khoma la mtundu uliwonse. Zinthu zimenezi umaziona pokhapokha zikasowa. Madzulo amodzi ndi Ultra Magnus amaphunzitsa munthu chifukwa chimene mdani sayenera kuwombera asanalowe bwino pa sikirini, chifukwa chimene njira yolakwika iyenera kukhala ndi chizindikiro, chifukwa chimene luso lapadera la ngwazi liyenera kukhala lothandiza osati loopsa. Aliyense wofuna kudzapanga magemu angapindule ndi madzulo amenewo kuposa kuwerenga mitu ingapo ya buku.

Ndipo wosewera mpaka kumapeto amaona chinthu china chimene woseka saona: kuti m'gemumo muli maganizo abwino amene sanapse. Loboti ndi lole zimawombera mosiyana, kusonyeza kuti wina ankafuna kuti wosewera azisankha maonekedwe malinga ndi mdani. Muli magawo oyenda cham'mbali ndi ena okwera kapena otsika. Muli loboti wina wobisika, Bumblebee, amene amakudumphitsa magawo. Muli zilembo zija za Rodimus. Anthu a ku ISCO, kampani imene inaipanga, sanali opanda nzeru. Chimene ine ndimaona m'gemuyi ndi ntchito imene tsiku lake lotuluka linaikidwa ndi ndandanda ya pa TV ndi msika wa kumapeto kwa chaka, osati ndi kupsa kwa ntchitoyo. Zoterezi zinachitikapo poyera ku America: Howard Scott Warshaw, amene anapanga Yars' Revenge, imodzi mwa magemu okondedwa kwambiri a Atari, ndi yemweyo amene anapatsidwa milungu isanu yokha kuti apange E.T. ya 1982 isanafike Khirisimasi. Makatiriji osagulidwa anakwiriridwa ku Alamogordo mu 1983, n'kudzafukulidwa mu 2014, ndipo kwa zaka zambiri dzina la munthu mmodzi ndilo linasenza manyazi a chisankho cha mabwana ake. Ukamaliza gemu yotere mkwiyo wako umasuntha, kuchoka kwa wolemba pulogalamu kupita kwa amene anaika tsikulo.

Kenako pali nkhani ya mbiri. Mu 2023 bungwe la Video Game History Foundation linatulutsa kafukufuku wosonyeza kuti magemu 87 pa 100 alionse amene anatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010 anali osapezekanso pa msika. Magemu otengedwa ku makatuni ndi mafilimu ndi amene amavuta kwambiri kuwatulutsanso, chifukwa umwini wake ndi wogawanika: wolemba nkhani, kampani ya makatuni, kampani ya zidole, kampani ya gemu, aliyense ali ndi gawo lake. Amene amabwerezedwa pa makina atsopano aliwonse ndi Mario ndi Zelda. Tikalola kuti iwo okha ndiwo akumbukiridwe, tidzanena bodza za chaka cha 1986, ngati kuti mwana aliyense wa ku Japan ankangosewera zokoma. Pa shelefu yake, pambali pa Dragon Quest, panali Goku wanjala ndi Kenshiro wolephera kulowa pa chitseko, ndipo anatha nawo masana ochuluka chimodzimodzi. Ife amene tinakumana ndi magemu a Famicom kudzera pa timakina tongokopera ta m'mashopu, tokhala ndi katiriji imodzi yolonjeza magemu mazanamazana, tikudziwa kuti mwana sasankha pakati pa gemu yabwino ndi yoipa. Amasewera imene ilipo, mawu a Chijapani osawamva, mpaka magetsi azime.

Sikuti aliyense wosewera gemu yoipa pagulu amaiseka. Pulogalamu ya pa TV ya ku Japan ya Game Center CX, imene inayamba mu 2003, imaonetsa Shinya Arino atakhala m'kachipinda, akulimbana ndi gemu imodzi yakale maola ambiri. Yoyamba imene analimbana nayo inali Takeshi no Chōsenjō ya Taito, gemu ina yotchuka ndi kuipa ya Disembala 1986 yemweyo. Arino si katswiri, ndipo salalata. Amafa, amapuma, amayesanso, ndipo oonera amaonera munthu wodekha akuchita zimene iwo analephera ali ana. Ku America, pa misonkhano ya Games Done Quick imene inayamba mu 2010 ndipo imasonkhetsa ndalama zothandizira odwala, pamakhala nthawi yapadera ya magemu oipa, ndipo owasewera amaidziwa gemu yawo kuposa amene anaipanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Luso limene iwo amaonetsa ndi lenileni, ngakhale gemuyo sinaliyenere.

M'kati mwa mbali yachiwiriyi mulinso kamkangano kake. Masiku ano ambiri amasewera pa emulator, pulogalamu ya pa kompyuta kapena pa foni yotsanzira makina akale, imene imalola munthu kusunga pamene wafika sekondi iliyonse n'kubwererapo akafa. Ena amati womaliza motero sanamalize kanthu, uyenera kusewera ndi miyoyo itatu basi, wekha, popanda mapu. Ine sindivomereza, chifukwa ngakhale ana a 1986 sankasewera okha. Kusukulu ankauzana zinsinsi, monga chakuti ukagwira A ndi B n'kudina Start gemu ikatha umapitirira pa gawo limene unafera, chinthu chimene gemuyo siinena. Ankawerenga magazini monga Family Computer Magazine ndi Famitsu. Mabuku olongosola njira anali malonda aakulu, moti la Super Mario Bros. ndilo linagulidwa kuposa mabuku ena onse ku Japan mu 1985. Kutsegula mapu a gawo 9 n'kuchita zimene mwana wamwayi wa nthawiyo akanachita. Koma kusunga sekondi iliyonse ndi nkhani ina. Kumachotsa mantha a kutaya zonse chifukwa cha kadontho kamodzi, ndipo mantha amenewo ndiwo gemuyo. Wochita zimenezo wayendera m'gemumo, waona zithunzi zake, koma sangachitire umboni za zimene ana anamva. Ine ndinaisewera ndi A, B ndi Start pamodzi ndi mapu, ndipo ngakhale ndi thandizo lonselo panali pamene manja anatuluka thukuta ndipo mtima unawawa ndithu.

Ndiye ndikuima pati? Ndili ku mbali ya omaliza, koma sindikuitana aliyense. Munthu amene akungofuna kupumula alibe ngongole ndi Ultra Magnus. Azimitse, asewere Zelda, ndipo wa mbali yoyamba akunena zoona kuti madzulo ake ndi amtengo wapatali. Ndikukananso mawu amene afala akuti gemuyi ndi yoipa kwambiri mpaka kukoma. Siikoma. Ndi ntchito yosamalizidwa imene inagulitsidwa kwa ana pa mtengo wa ntchito yomalizidwa, pogwiritsa ntchito chisoni chawo pa imfa ya ngwazi yawo, ndipo zaka sizinasinthe zimenezo.

Koma amene akufuna kulemba za gemuyi, kuijambula, kapena kuiika pa mndandanda wa magemu oipitsitsa, ameneyo ayenera kuimaliza. Mfundo ija yakuti kuisewera pagulu kumathandiza malonda achiwiri sindingaithetse yonse, chifukwa ndi yoona: vidiyo iliyonse imasunga dzina la gemuyi pakamwa pa anthu. Chimene ndinganene n'chakuti malonda achiwiriwo amadalira masekondi awiri aja, imfa yofulumira imene imaseketsa ndipo ndi yosavuta kuisandutsa nthabwala ya pa makatuni. Khonde la gawo 9 siliseketsa, ndipo mizere ya kumapeto ija siiseketsa, n'chifukwa chake sizionetsedwa kawirikawiri. Wojambula vidiyo aonetse khondelo lonse osadula, oonera atope nalo mmene mwana anatopera, anene poyera thandizo limene wagwiritsa ntchito, atchule mtengo wa katiriji ndi mwezi umene inatuluka, kenako aonetse mapeto monga momwe alili, n'kufunsa oonerawo ngati aona paliponse pamene anenapo za amene anapha Convoy.